Ndinapita Kukadwazika, Ndinakaphunzirako Kuseka

Abale anga, khalani pansi ndikuuzeni za m'mawa umene ndinaseka mpaka nthiti kuwawa popanda wondiuza nthabwala. Popanda nthabwala ngakhale imodzi, zoonadi! Ndipo sinali nyengo ya phwete ayi. Ndinali ku Mumbai, m'dziko la India, kudwazika achemwali anga amene anapita kukachitidwa opaleshoni.

Amene munakhalapo gadiyani mukuzidziwa. Tulo sitibwera, chakudya chimangokhala ngati utuchi m'kamwa, foni ikangolira mtima phaa! Masabata atatu ndinkayenda ngati ndasenza mwala pachifuwa. Ndiye mayi ena achikulire a panyumba imene ndinkagona atandiyang'ana nkhope anati, "Mwanawe, mawa m'mawa undiperekeze kupaki, tikaseke." Tikaseke? Ndinakhumudwa. M'bale wanga ali gone kuchipatala, ine ndizikatulutsa mano pagulu? Ndinavomera chifukwa cha ulemu basi.

Tinafika kusanatenthe. Anthu aima mozungulira, agogo a imvi mbuu, abambo ovala zothamangira, amayi ovala masari. Wotsogolera anayamba kuomba m'manja, onse n'kumayankha: ho ho, ha ha ha! Kenako kupuma mozama, manja m'mwamba, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Kenako kupatsana moni uku mukuseka. Kenako kunamizira kuti mukuyankhula pa foni, nkhani yake n'kukhala yoseketsa kwambiri. Ine mumtima ndinkati, uku n'kunamizana, chiseko chochita kupanga chingathandize ndani? "Ha ha" wanga ankatuluka wouma gwa.

Koma abale! Tinafika pa chiseko cha mkango: kutulutsa lilime lonse, kutong'ola maso, zala kuzitambasula ngati zikhadabo. Ndinatembenuka, maso anga n'kugwirana ndi a agogo ena aamuna, aulemu wawo, lilime lili panja, akubangula ndi mtima wonse. Mayo ine! Chinachake chinaphulika m'mimba mwanga. Chikhakhali chenicheni, chochokera pansi, chosaletseka! Iwo atandiona anafa nalo phwete, ine kuwaona iwo ndiye kuwonjezera, oyandikana nafe n'kutengera, bwalo lonse linayaka moto. Misozi mbwembwembwe, mawondo lobodo, mpweya kundithera. Titamaliza tinakhala chete, maso otseka, ndipo ndinamva mapewa anga akutsika. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndinali nditawakweza masabata onsewo! Ndinalira pang'ono, kulira kopepuka. Usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato.

Zimenezi amazitcha laughter yoga. Anaziyambitsa ndi dokotala wina, Madan Kataria, mu mzinda womwewo wa Mumbai mu 1995, ali anthu asanu okha m'paki. Poyamba ankauzana nthabwala, koma patatha masabata ngati awiri nthabwala zabwino zinatha, zina zinayamba kukhumudwitsa anthu. Apa m'pamene anaganiza zoti azingoseka dala ngati masewera olimbitsa thupi, akuyang'anana m'maso, chifukwa pagulu chiseko chopanga sichichedwa kusanduka chenicheni. Ndimo mmene zinandichitikira ine! Katswiri wa ku America, Robert Provine, anapeza kuti munthu akakhala ndi anzake amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 kuposa akakhala yekha. Ka 30, tangoganizani!

Chikaiko chinandibwereranso: mwina ndi maganizo anga chabe. Ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Mu 2011 Robin Dunbar ndi anzake a ku Oxford anaonetsa kuti anthu akaseka kwambiri limodzi amapirira ululu kuposa poyamba, ndipo anafotokoza kuti ubongo umatulutsa ma endorphin, timankhwala ta m'thupi toziziritsa ululu. Mu 2023 magazini ya sayansi ya PLOS One inasindikiza lipoti lophatikiza kafukufuku wosiyanasiyana, loonetsa kuti kuseka kumatsitsa cortisol, homoni imene imakwera munthu akapanikizika maganizo, ndi pafupifupi 32 peresenti. Eee, mwala uja wa pachifuwa unali ndi dzina, ndipo chiseko chinkauswa!

Ndisakunamizeni, anzanga. Kuseka si mankhwala a chilichonse. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi ali ndi vuto la m'maganizo. Ngati nkhawa yakumangani kwa nthawi yaitali, simukudya, simukugona, moyo simukuufunanso, pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi, musachite manyazi. Amene mwangochitidwa opaleshoni kapena muli ndi vuto la mtima, yambani mwafunsa adokotala. Achemwali anga anachira chifukwa cha madokotala. Koma tsiku limene ndinalowa m'wodi kuchokera kupaki anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Lero ndiye mwabwera ndi nkhope yanu yeniyeni." Anamwetulira koyamba chigonekedwereni. Apo ndinazindikira kuti wodwazika wopepukidwa mtima amapepukitsanso wodwala.

Ndipo ndinakumbukira kwathu. Kodi adzukulu pamaliro saponya nthabwala mpaka anamfedwa n'kuseka misozi ili m'masaya? Kodi asuweni satukanizana mwamasewera mpaka mkwiyo kuzilala? Makolo athu ankadziwa kuti chisoni ndi chiseko zimatha kukhala pamphasa imodzi. Ine ndinachita kukwera ndege kuti ndikakumbutsidwe zimenezi!

Lamlungu loyamba la Meyi chaka chilichonse ndi tsiku lokondwerera kuseka padziko lonse, koma musadikire Meyi, chonde. Mawa lomwe itanani anzanu atatu kapena anayi, imani pansi pa mtengo wa mango, ombani m'manja, ho ho, ha ha ha. Mphindi zoyambirira mudzachita manyazi, inenso ndinachita. Pirirani pang'ono. Tulutsani lilime, yang'anani mnzanu m'maso, mudzandiuza!