Mwana akasiya kuyenda, musaiwale mikono yake

Abale anga a kumudzi, ine ndili kuno ku Newcastle, ntchito yanga ndi yosamalira anyamata odwala matenda a Duchenne. Matendawa amafooketsa minofu pang'onopang'ono, amagwira makamaka ana aamuna, ndipo ambiri amasiya kuyenda akamafika zaka 10 mpaka 13. Akangokhala pa njinga ya olumala, moyo wonse umatsamira pa mikono: kudya, kulemba, kugwira foni, kudzikanda pamphuno.

Kuno mikonoyo amaiyeza ndithu. Afiziyo amauza mwana kuti anyamule kapu mpaka pakamwa, ang'ambe pepala, atole makobidi patebulo, iwo n'kumalemba mapointi. Ana ena, makamaka amene ali mu kafukufuku wa mankhwala, amavala kachipangizo kooneka ngati wotchi kotchedwa ActiMyo, kopangidwa ku France. Kamalemba mmene mkono ukugwedezekera tsiku lonse, kunyumba ndi kusukulu komwe. Ubwino wake ndi wakuti mwana akakhala pamaso pa dokotala amalimbikira kuti aoneke wamphamvu, koma kachipangizoka kamaona ndi madzulo omwe, mkono utatopa, supuni ikugwera m'mbale.

Kwathu nanga? Mwana akayamba kugwaigwa, kuyendera zala za kumapazi, podzuka pansi n'kumagwira m'maondo kukwera ndi manja mpaka m'ntchafu, ena amati ndi ulesi, ena amaloza agogo ake. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa kuyeza magazi kotchedwa CK kumatha kulozera msanga kumene kuli vuto. Ndipo akasiya kuyenda, timangoti basi zatha, mikono palibe woifunsa, mpaka tsiku limene walephera kutema nsima yekha.

Sindikunena kuti tigule mawotchi a ku France pamene njinga yeniyeniyo ikusowa. Chimene ndasirira kuno ndi mwambo wolemba. Buku la kuchipatala tili nalo, foni yojambula ilipo pafupifupi m'mudzi uliwonse. Mwezi ndi mwezi mujambuleni mwana akukweza kapu ya madzi. Kodi chigongono chikuchoka patebulo? Kapena wayamba kuweramitsa mutu kuti pakamwa patsatire kapu? Lembani deti. Afiziyo a ku Queens kapena ku Kachere ku Blantyre akaona zimenezo adziwa poyambira.

Ngati pamudzi panu pali mnyamata amene akudzuka movutikira chonchi, chonde musadikire kuti akule. Pitani naye kuchipatala mwezi uno.