Zimene Tinapeza M'chigafa cha Azakhali

Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi 2023, mnyamata wina anafika pa njinga kwathu kufupi ndi Songani atatumidwa ndi azakhali athu. Anati chigafa chawo chakale chapendama, ndiye tipite tikaone katundu wa bambo athu denga lisanamugwere. Ife ana a malemu tilipo anayi, ndipo tonse timakhala konkuno kwa Malemia. Kwa azakhali ndi mtunda wa ola limodzi wapansi, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, koma panali patatha zaka 21 tisanaponde pakhomo pawo.

Tinapita Lamlungu m'mawa, mitima ili m'mwamba. Tinawapeza atakalamba, akuyendera ndodo. Moni unali wachidule. Anatitsogolera kuseri kwa nyumba, n'kutiuza kuti tichotse mphasa ndi masaka amene anaunjikidwa pakati pa chigafacho. Pansi pake panali galimoto ya bambo, Peugeot 404 yoyera ija. Matayala onse anali ataphwa n'kumira m'dothi. Dzimbiri linali litadya m'munsi mwa zitseko, mavu atamanga padenga, ndipo pampando wakumbuyo nkhuku inkaikira mazira. Koma magalasi onse analipo, ngakhale chizindikiro cha mkango kutsogolo sichinachotsedwe. Zaka zonsezi ife tinkadziwa kuti abale a bambo anaigulitsa n'kudya ndalama.

Galimoto za mtunduwu zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991. Anthu ankazikonda chifukwa zinkapirira misewu yafumbi. Bambo, amene anali mphunzitsi wa pulayimale, anagula yawo mu 1988 itayendapo kale. Giya yake inali pachiwongolero, ndipo ife ana tinkakanganirana kukhala kutsogolo kuti tizionerera dzanja lawo likusintha magiya. M'midzi yotizungulira, imeneyi ndiyo inali ambulansi. Usiku uliwonse munthu ankatha kugogoda pawindo, bambo n'kudzuka kutengera mayi woyembekezera kapena mwana wokomoka ndi malungo kuchipatala ku Zomba. Mu 2001 giyabokosi inawonongeka, ndipo popeza kwathu kunalibe pobisala mvula, anaikankhira kwa mlongo wawo podikira kuti apeze ndalama.

Ndalamazo sizinapezeke. M'chaka cha njala cha 2002, bambo anagwa akuchokera kumunda. Pakamwa panapindika, mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu osatuluka. Anamwalira patatha masiku atatu ali ndi zaka 54. Pamaliro pomwepo manong'onong'o anayamba akuti munthu wamphamvu ngati ameneyu sangagwe chabe, wamenyedwa ndi hamala yamatsenga. Ena mwa abale anapita kwa sing'anga, ndipo anabwerako ndi dzina la azakhali, ati ankafuna galimoto. Ife kwa sing'anga sitinapite, pakuti tinakulira mumpingo. Koma tivomere pano kuti zimene anabwera nazo tinazilandira. Sabata lililonse tinkaimba ndi kupemphera, kwinaku tikulambalala njira ya kwa mlongo wa bambo athu. Amayi anamwalira mu 2015 asanalankhulanenso ndi mlamu wawo.

Tsiku limenelo m'chigafa muja, mchimwene wathu wamkulu anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando ndi mpeni, chifukwa kanali katagwira dzimbiri. Munali pepala lapulasitiki lomangidwa bwino, ndipo mkati mwake munali zinthu zitatu.

Choyamba chinali kope. Bambo ankalembamo chilichonse chokhudza galimotoyo: tsiku limene anasintha oyilo, mapulagi, mabuleki, madzi a mubatire, ndi mtunda umene yayenda. Kwa zaka 13 sanadumphe mwezi ndi umodzi womwe. Chachiwiri chinali kabuku kawo ka kuchipatala. Munalembedwa tsamba limodzi lokha, la mu Malichi 2001: mutu kupweteka, BP 190/110, abwerenso pakatha mwezi. Masamba ena onse anali oyera. Chachitatu chinali kapepala ka mapiritsi 30. Tinawerenga otsala, tinapeza 24.

Tinakhala chete kwa nthawi yaitali. Ena mwa ife timathandiza pa nkhani zaumoyo mumpingo mwathu, ndipo manambala amenewa timawadziwa. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamenepo poyeza kangapo, ndiye kuti munthu ali ndi matenda othamanga magazi. Ikafika pamene inali ya bambo n'kukhala chaka chathunthu popanda mankhwala, mtsempha wa mu ubongo ukhoza kuphulika kapena kutsekeka. Imeneyo ndiyo sitiroko, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe zija tinaziona ndi maso athu: pakamwa kupindika, mbali imodzi ya thupi kufooka, kulephera kulankhula. Bambo anamwa mapiritsi masiku asanu ndi limodzi, mutu unasiya kupweteka, iwo n'kuyesa achira. Munthu amene sankalola injini kuyenda ndi oyilo wakuda anaiwala kabuku ka thupi lake m'galimoto yakufa.

Sitikuwaweruza, chifukwa ambiri tili chimodzimodzi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Matendawa nthawi zambiri samveka m'thupi. Munthu amalima, amapalasa njinga, amadya bwino, mpaka tsiku limene wagwa. N'chifukwa chake pamudzi timafulumira kufunafuna mfiti, ndipo chala chimaloza agogo kapena azakhali amene alibe owateteza.

Tinatuluka m'chigafamo n'kukagwada pakhonde pamaso pa azakhali. Mchemwali wathu ndiye analankhula m'malo mwa tonse, misozi ili chuchuchu. Azakhali anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Ana anga, ogula zitsulo abwera pano kambirimbiri ndi ndalama m'manja, ngakhale chaka chimene ndinalibe ufa. Ndinkati ndikagulitsa, anthu adzati zoona anapheradi galimoto. Ndinaisunga kuti tsiku lina mudzaione muli amoyo, inenso ndili moyo." Atapukuta m'maso anawonjezera kuti, "Chibale n'fupa, sichiola. Lowani m'nyumba mudye."

Sabata yotsatira tonse anayi tinakayezetsa. Awiri mwa ife tinapezeka ndi BP yokwera, zomwe sizodabwitsa pakuti matendawa amayenda m'magazi a pabanja. Azakhali nawonso yawo inali pamwamba, ndipo tsopano akumwa mankhwala. Taphunzira kuti mankhwala a BP sasiyidwa chifukwa choti munthu wayamba kumva bwino, ndipo akatha timabwerera kuchipatala. M'makomo mwathu tachepetsa mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo mchere wa mu usipa wouma ndi zokometsera ndiwo za m'sitolo. Mbale ya mchere sitiikanso pamphasa pa nthawi ya chakudya. Ndipo mukaona wina pakamwa papindika kapena mkono wafooka mwadzidzidzi, musataye nthawi pofunsa kuti wachita ndani. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Makaniko amene tinamuitana anati injini inagwirana, ndipo kuikonza kungadye ndalama zoposa kugula galimoto ina. Tinagwirizana zoisiya momwe ilili. Tinangodula milimo yatsopano n'kufoleranso chigafacho, ndipo nkhuku ija ikuikirabe pampando wakumbuyo.

Kope la bambo linali ndi masamba otsala. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse timakumana pakhonde pa azakhali ndi makina oyezera BP amene tinasonkherana, ndipo pansi pa mzere womaliza umene bambo analemba za oyilo timalemba tsiku, dzina ndi manambala a aliyense. Oyandikana nawo nyumba, amene kale ankaletsa ana awo kusewera pabwalopo, ayamba kubwera kudzapinda malaya kuti nawonso ayezedwe.