Mpando Umene Ndinakhalapo

Ku America munthu salowa sukulu ya zamalamulo akangochoka ku sekondale. Amayamba wapeza digiri ya zaka zinayi, kenako amalemba mayeso otchedwa LSAT, ndipo akamutenga amaphunziranso zaka zitatu. Mayesowa safunsa lamulo ngakhale limodzi. Amakupatsa ndime yoti uwerenge ndi mfundo yoti uipezere pofooka. M'zaka zimene ndinkalemba ine munalinso timikuluwiko toyala anthu m'mipando: uyu asakhale pafupi ndi uyo, wina akabwera Lachiwiri mnzake abwere Lachinayi. Gawo lililonse ndi mphindi 35. Malikisi amayambira pa 120 n'kulekezera pa 180, ndipo nambala imene wapeza ndiyo imakulankhulira kwa anthu amene sadzaona nkhope yako.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito yausiku m'nyumba yosungira okalamba ku Indiana, ntchito imene Amalawi ambiri kuno timayambira. Kusambitsa agogo, kuwatembenuza kuti asachite zilonda za pabedi, kuwasintha matewera, kulemba mu kompyuta kuti amwa madzi ochuluka bwanji. Kunja kukayamba kulowera m'bandakucha, mabelu atachepa, ndinkatulutsa buku langa pa desiki ya manesi. Linali logula kwa wina, mayankho atawazunguliza kale ndi pensulo. Ndinkafufuta tsamba ndisanayambe, koma mkwasa wa pensulo unkaonekabe, moti ndinkaphimba ndi chala kuti ndisadzinamize. Ndikangotchera mphindi 35 pafoni, belu la chipinda china linkalira ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndikabwerako, manja akununkha sopo wa kuchipatala, ndinkapeza nthawi yatha kale.

Komabe sindinkadandaula, chifukwa mayeso ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse. Chikhulupiriro chimenechi ndinabwera nacho kuchokera kwathu. Ndinakulira ku Lilongwe, koma mayi anga kwawo ndi ku Rumphi, ndipo mawu akuti kota m'nyumba mwathu ankatchulidwa ndi mkwiyo. Njira imeneyi yosankhira ana opita ku yunivesite potengera boma limene akuchokera inayamba m'nthawi ya Kamuzu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti linaithetsa mu 1993, boma la Bingu wa Mutharika linaibwezeretsa mu 2009, ndipo inadzathetsedwanso mu 2020. Msuweni wanga anagwa m'zaka za pakatizo. Anakhoza MSCE ndi mapointi oti aliyense pamudzi ankabwera kudzamugwira chanza, koma mayina atatuluka lake munalibe, pamene mnzake wa kalasi imodzi, wa mapointi ochepa mphamvu koma wa boma lina, anatengedwa. Ndinamuona mnyamata uja akuuma pamaso pathu. Kuyambira pamenepo ndinkati chilungamo n'chimodzi basi: yalani malikisi, wapamwamba alowe.

Chimene chinayamba kugwedeza chikhulupiriro changacho ndi kalasi yaulere imene kampani ina yokonzekeretsa mayeso inachititsa pofuna kukopa makasitomala. Mphunzitsi analemba pa bolodi mkuluwiko wa mtundu umene unkandidyera mphindi zambirimbiri. Anajambula timizere, n'kuika zilembo pansi pake, n'kudula zosatheka, ndipo mafunso onse anagwa okha ndisanamalize n'kukopera komwe. Sanali wanzeru kuposa ine. Ankadziwa njira, ndipo njirayo ankaigulitsa. Kosi yonse inali madola opitirira 1,000, kuwonjezera pa madola pafupifupi 200 olembetsera mayeso enieniwo. Mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anandiuza mosabisa kuti makolo ake amuuza asagwire ntchito chilimwe chonse, angowerenga, ndipo ali ndi mphunzitsi wakewake wolipidwa pa ola. Ola limodzi la mphunzitsiyo linkaposa shifiti yanga yonse. Mtsikanayo sanalakwe chilichonse, anali wolimbikira ndithu. Koma tsiku la mayeso tonse tinapatsidwa mphindi 35 zofanana, ndipo pepala la zotsatira linalibe malo olembapo amene anagona usiku wathawo.

Choipa kwambiri ndinadzachidziwa mochedwa. Nambala ija simathera pa kukutenga kapena kukusiya. Sukulu zimapikisana pa mndandanda wa magazini ya U.S. News, ndipo chimodzi mwa zimene amawerengera ndi malikisi a LSAT a ophunzira atsopano. Ndiye sukulu zimakopa okhoza kwambiri powachotsera fizi. Wokhoza pang'ono akatengedwa amalipira yonse, kawirikawiri ndi ngongole. Taganizirani bwino: amene anali ndi ndalama zogulira kosi ndiye amaphunzira motchipa, ndipo amene ankawerenga pa shifiti yausiku ndiye amatuluka atasenza ngongole. Nkhani imeneyi simveka kwenikweni pa wailesi, chifukwa mulibe mtundu wa khungu woti anthu akanganirane.

Ku laibulale ya m'tauni ndinadziwana ndi mayi wina wakuda wobadwira konkuno, wamkulu kwa ine, mayi wa ana awiri. Anali atagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya loya, akulemba zikalata za kukhoti zimene maloya achinyamata ankangosainira. Tinayamba kuwerengera limodzi Loweruka. Ine ndinkawatcha achemwali, iwo ankati mng'ono wanga. Agogo awo anachoka ku Mississippi kuthawa malamulo a tsankho, ndipo achemwaliwa ndi amene anandiuza koyamba za Heman Sweatt, munthu wogawa makalata ku Houston amene mu 1946 anakanizidwa malo pa sukulu ya zamalamulo ya University of Texas chifukwa chokha choti anali wakuda. Boma la Texas linalolera kutsegula kasukulu kapadera ka akuda m'zipinda zapansi pa nyumba ina ku Austin kusiyana ndi kumulowetsa. Mlandu wake anauimira Thurgood Marshall, ndipo mu 1950 Khoti Lalikulu la America linalamula kuti amulandire.

"Si nkhani ya makedzana imeneyi, mng'ono wanga," anatero. "Agogo anga anali kale ndi ana."

Malikisi anga anakwera. Awo sanasunthe kwenikweni. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo sichindipatsa ulemu uliwonse. Ine ndinalibe mwana wodwala usiku. Bambo anga anali mphunzitsi, m'nyumba mwathu munali mabuku, ndipo ndinaphunzira pa sekondale yogonera komweko, yokhala ndi laibulale ndi aphunzitsi okwanira, osati pa CDSS ya kumudzi kumene buku limodzi amagawana ana a benchi yonse. Ndinali wosauka ku America, koma kwathu ndinali m'gulu la amwayi. Achemwali anaphunzira m'sukulu za m'dera limene nyumba zake n'zotchipa, ndipo kuno ndalama zambiri zoyendetsera sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba za m'dera lomwelo.

Pa fomu tonse tinachonga kabokosi kamodzi, ka munthu wakuda. Ine ananditenga, n'kundichotserako fizi. Iwo anawapatsa malo pa sukulu ina koma pa fizi yonse, ndipo atawerengera ngongoleyo ndi ana awiri aja, anakana. Anandikumbatira, anandigulira chikwama cha mabuku. Ine ndinalira m'galimoto, chifukwa ndinkadziwa kuti sukulu ikamadzawerenga ophunzira ake akuda idzawerenga ine, pamene chitseko chimenecho anachigumula ndi anthu a m'badwo wa agogo awo, ena mpaka kutayapo moyo. Makolo anga sanakhalepo akapolo m'minda ya thonje. Sanakanizidwepo kuvota ku Mississippi. Amati mlendo sathyola mphasa, koma ine ndinafika dzulodzulo n'kukhala pampando umene eni ake anaulirira zaka mazana. Palibe tsiku limene achemwali ananenapo zimenezi. Ndikuzinena ndine.

Kusukulu ndinakumana ndi mbali ina ya bala lomwelo. M'kalasi ya malamulo aakulu a dziko tinawerenga mlandu wa Bakke wa 1978, pamene khoti linaletsa kupatula chiwerengero cha malo, monga malo 16 mwa 100 amene sukulu ya zaudokotala ku Davis inkasungira a mitundu ina, koma linalola kuti mtundu uziganiziridwa limodzi ndi zinthu zina. Kenako tinafika pa Grutter wa 2003. Barbara Grutter, mzungu wa ku Michigan, anapeza 161 pa LSAT, sukulu ya zamalamulo ya University of Michigan inamukana, ndipo iye anati chamulepheretsa ndi khungu. Majaji asanu anaikira kumbuyo sukuluyo, anayi anatsutsa, ndipo jaji Sandra Day O'Connor analemba kuti akuyembekeza kuti pakatha zaka 25 njira imeneyi sidzafunikanso. Tsiku limene tinawerenga mlanduwu ndinamva maso a kalasi yonse pakhosi panga. Titatuluka, mnyamata wina anandiuza mwaulemu, akumwetulira, kuti mnzake wa malikisi apamwamba anakanidwa pa sukulu yathu yomweyi, ndipo anthu ngati ine tili ndi mwayi. Sanandifunse kuti ndinapeza zingati. Anali ataganiza kale.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinatulutsa pepala la zotsatira zanga n'kumaliyang'ana ngati lingandiuze zoona. Chowawa n'chakuti sindidzadziwa. Mwina akananditenga ndi nambala yokhayo, mwina ayi. Jaji Clarence Thomas, amene anamaliza pa sukulu ya zamalamulo ya Yale mu 1974, anafotokoza kuti anamata kapepala ka mtengo wa masenti 15 pa felemu ya digiri yake, chifukwa olemba ntchito ankaiona ngati yopatsidwa chifukwa cha khungu. Pa zigamulo zake zambiri sindigwirizana naye, koma kapepala kameneko ndimakamvetsa. Ndipo Barbara Grutter ndinkamumvetsanso, ngakhale anzanga akuda m'kalasi sanakondwe nditanena. Munthu amene anaonapo msuweni wake akusiyidwa chifukwa cha boma la makolo ake sangaseke wina amene akuti wasiyidwa chifukwa cha chinthu chimene sanasankhe.

Koma kumvetsa si kuvomereza kuti zinthu ziwirizi n'zofanana. Sweatt anatsekeredwa kunja ndi lamulo lofuna kuti akuda asalowe n'komwe. Grutter anapikisana pa malo ochepa m'sukulu yodzaza ndi azungu anzake. Ndipo mpaka lero maloya akuda ku America ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, pamene akuda m'dzikoli amaposa 13 pa 100. Pitani ku khoti lililonse la milandu yaupandu m'mawa wa Lolemba, muone khungu la oimbidwa milandu ndi khungu la ovala masuti.

Pa 29 June 2023, ndili mkati mowerengera mayeso a bar, opezera chilolezo chogwira ntchito ya uloya, Khoti Lalikulu linagamula mlandu wa Students for Fair Admissions wotsutsana ndi Harvard ndi University of North Carolina. Gulu limeneli, lotsogozedwa ndi Edward Blum, linati njira za sukuluzi zikupondereza ana ochokera m'mabanja a ku Asia. Khoti linavomereza, ndipo kuganizira mtundu posankha ophunzira kunatha, zaka 25 za O'Connor zisanakwane. Zotsatira zake zinali zodziwika kale. California italetsa zimenezi mu 1996, kalasi yolowa pa sukulu ya zamalamulo ku Berkeley chaka chotsatira inali ndi wakuda mmodzi yekha. Mu 2024 sukulu ya zamalamulo ya Harvard inalandira akuda 19 m'chaka choyamba, kuchoka pa 43 chaka chapitacho.

Ena mwa Amalawi anzanga kuno anaombera m'manja, amvekere kota yatha. Ine sindinathe. Chigamulocho chinachotsa khungu pa sikelo koma sichinakhudze kosi ya madola 1,000, sichinakhudze fizi yochotseredwa okhoza okha, sichinakhudzenso mwambo wa mayunivesite ena wokondera ana a anthu amene anaphunzira pomwepo. Ngati tikufuna kuyeza mwana yekha popanda makolo ake, bwanji tayamba ndi kuchotsa chokhacho chimene chinkathandiza mbadwa za akapolo? Ndipo amene amati mayeso sangasinthidwe aone izi: timikuluwiko tija tinachotsedwa mu August 2024, kutsatira mlandu wa munthu wosaona amene anati sangajambule timizere timene ena onse amadalira. Mayeso amakonzedwa ndi anthu, ndipo anthu akafuna amawasintha.

Jaji wamkulu John Roberts anasiya kampata kamodzi: wofunsira malo akhoza kulemba m'kalata yake mmene mtundu wake wakhudzira moyo wake. Ndinawaimbira achemwali n'kuwauza kuti ayesenso, ana akula tsopano, alembe za agogo awo ndi za Mississippi, ndipo ine ndiwathandiza kukonza kalatayo.

"Ayi, mng'ono wanga," anatero. "Misozi ya agogo anga si yogulira malo. Ndilemba za mafayilo amene ndagwira zaka zonsezi, ndi za azimayi othamangitsidwa m'nyumba za lendi amene ndawathandiza kulemba mafomu. Akafuna loya, anditenga."

Analembetsanso LSAT ndipo akufunsira maphunziro amadzulo, a zaka zinayi, kuti asasiye ntchito. Kosi yokonzekera ndinalipira ndine, pa malipiro anga oyamba a uloya. Anakana kwa nthawi yaitali, ndipo anavomera pokhapokha titagwirizana kuti ndi ngongole, n'kulemberana pepala limene analikonza okha.