Ku Balaka, nyumba ya pakati pa ndende ndi mudzi

Munthu wochokera ku Angónia akafuna kupita ku Balaka, ulendo wake suvuta. Amatsata mseu waukulu wa M1 umene umayenda m'malire mwenimweni, kudutsa pa Lizulu pamene mbatata ndi kabichi za mbali zonse ziwiri zimagulitsidwa pamsika umodzi, mpaka kufika pa Ntcheu. Kuchoka apo mseu umatsika, mphepo yozizira ya kumapiri imatsala m'mbuyo, ndipo pa Chingeni galimoto imakhota kulowera kum'mawa. Dziko limasanduka lachigwa, lotentha, la milambe ndi minda ya thonje. Imeneyo ndiyo Balaka, imene idakhala boma payokha m'chaka cha 1998.

Ambiri amaidziwa tauniyi chifukwa cha njanje ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika. Koma pali malo enanso amene alendo sawatchula kawirikawiri, otchedwa Halfway House, kutanthauza nyumba ya pakati pa ulendo. Amene amayendetsa malowa ndi a bungwe la Prison Fellowship Malawi mogwirizana ndi nthambi ya ndende ya dzikolo. Bungweli lidayambira ku America m'chaka cha 1976, ndipo adaliyambitsa ndi Charles Colson, mkulu wa boma amene naye adalawapo ndende.

Obwera kuno ndi akaidi amene atsala pang'ono kumaliza chilango chawo. Kwa miyezi ingapo amaphunzira ukalipentala, kusoka zovala, kumanga nyumba ndi kuwotcherera zitsulo. Amalandiranso uphungu ndi mawu a Mulungu. Dzanja limene dzana lidathyola loko wa golosale limaphunzira kugwira sowo ndi hamala, kuyeza thabwa ndi kulipala mpaka litasalala. Akamaliza amalandira satifiketi, ndipo thandizo likapezeka amapatsidwa zida zoyambira ntchito.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu akatuluka m'ndende amapeza munda udamera tchire, mwina mkazi adakwatiwa kwina, ndipo palibe wofuna kumulemba ngakhale ganyu. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse amaloza kwa iye. Njala ikamupana amabwerera ku zakale, kenaka kundende komweko. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo: mbiri ikaonongeka, luso la manja ndilo lingamuyankhulire munthu.

Nkhaniyi ikukhudzanso midzi ya mbali ino ya malire. M'chaka cha 2014 dziko la Mozambique lidakhazikitsa malamulo atsopano a milandu m'malo mwa a Apwitikizi a 1886, ndipo mudalowa zilango zosatsekera munthu m'ndende, monga kugwira ntchito yothandiza anthu onse. Palinso mwayi woti mkaidi wa khalidwe labwino atuluke nthawi yake isanathe, akhale kwawo motsata malamulo amene khoti lamuikira, ndipo akawaphwanya abwerere. Choncho ena mwa opalamula chilango chawo amamalizira pakati pa abale awo, pa chitsime chimodzi ndi amene adawalakwira.

Apa mpamene ntchito ya malo ngati a ku Balaka imathera, ya mudzi nkuyamba. Mmisiri angadziwe kukhoma chitseko chowongoka, koma popanda womupatsa ntchito yoyamba, sowo yake idzachita dzimbiri kapena adzaigulitsa kuti agule ufa. Nyakwawa imene yamuitana kuti akonze mabenchi a pabwalo, mpingo umene wamupatsa mazenera, mayi amene wamusokesa yunifomu ya mwana, onsewo atchinjiriza mbuzi zawo kuposa amene wangogula loko wamkulu.

Mantha a anthu ngomveka, pakuti amene adaberedwa ng'ombe saiwala msanga. Komabe wotuluka m'ndendeyo alibe kwina kopita. Akakwera galimoto pa Balaka ndi bokosi lake la zida, amakatsika pamene adabadwira.