Msewu wa Papepala

Mvula ikasiya, chakumayambiriro kwa Meyi, udzu wa kutsogolo kwa nyumba ya amayi ku Katete suumira pamodzi. Pali mzera umodzi wowongoka bwino umene umayamba kufiira pamene udzu wina wonse ukali wobiriwira. Alendo saona kanthu. Ine ndikauona ndimadziwa kuti pansi pake pagona matumba 14 a simenti amene ndinagula ndi ndalama za ngongole mu Okutobala 2021, ndipo simenti imeneyo sinasenzepo njerwa ngakhale imodzi.

Atate atamwalira, amayi anatsala okha kumudzi, m'dera la Mfumu Mbang'ombe. Matenda a shuga anali atawagwira kale, ndipo dzinja likafika, ulendo wopita kuchipatala cha St Francis unkasanduka nkhani ya ngolo, matope ndi mitsinje yodzaza. Tinakhala pansi monga banja n'kugwirizana zowamangira nyumba pafupi ndi boma. Ndinapeza puloti pamalo amene khonsolo inapima ndi kuikapo mabikoni. Koma ine ndimagwira ntchito ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, kotero ntchito yoyang'anira inagwera amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba kwathu.

Amalume si munthu wongomva za kumanga. Anaumba njerwa ali mnyamata, anaotcha mauvuni osawerengeka, ndipo nyumba zisanu ndi imodzi zimene anamanga kumudzi zikali chiimire. Akatapa dothi n'kulifinya m'manja amakuuzani ngati ndi katondo wabwino kapena makande amene amang'amba khoma chilimwe. Munthu wotere kumuuza kuti adikire chidindo si nkhani yopepuka.

Komabe ndinawafotokozera. Ndinati pamalo a khonsolo munthu sangoyamba kukumba. Pulani iyenera kujambulidwa ndi wodziwa ntchitoyo, iperekedwe kukhonsolo pamodzi ndi mapepala a puloti, ulipire, ndipo ionedwe ndi a mapulani, a zomangamanga ndi a zaumoyo. Akaivomera, woyendera amabwera kudzaona zikhomo musanakumbe, amabweranso kudzaona maziko musanathire konkire, ndipo amatero mpaka nyumba itatha. Pulani yathu inali itaperekedwa kale. Chinatsala n'kudikira.

"Mitambo yayamba kusonkhana ku Chadiza uko," anatero amalume pafoni. "Simenti ili m'nyumba ya eni ake, ikuyamwa chinyezi. Mmisiri akuti akapeza ntchito ina apita. Ndiye tidikire pepala?"

Ndinayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Onani inu mmene mungachitire, amalume." Ndinkadziwa bwino lomwe tanthauzo lake. Ndinkafuna kuti akumbe, koma zikavuta mlandu usakhale wanga.

Anakumbadi. Atayang'ana pulotiyo ndi maso a munthu wakumudzi, anaona kuti kutsogolo kwatsala malo aakulu opanda ntchito, pamene kumbuyo, kumene mlongo wawo angalimeko mpiru ndi therere, n'kopanikizika. Anasuntha nyumba kuti ibwere kutsogolo mapazi angapo. Dzenje la chimbudzi analiika kumbuyo, kumunsi, kumene fungo silingavutitse munthu. Bikoni imodzi inali itabisika mu udzu, ndipo palibe amene anaifunafuna.

Patapita masiku asanu ndi atatu, foni inalira ndili kuntchito. Woyendera anali atadutsa, naona konkire m'maziko, n'kusiya kalata yoimitsa ntchito. Ndinakwera basi ya m'mawa mwake, mtima uli phaphapha, ndikuwerengera m'mutu ndalama zimene ndinali nditatsala nazo. Tikudutsa Nyimba ndinali nditakonza kale mawu okalipira. Tikufika pa Sinda mawuwo anali atandithera.

Woyenderayo anali mtsikana wamng'ono kwa ine, atavala nsapato zagumbuti, tepi yopimira ili m'manja. Anayamba wanyonyomala n'kupereka moni kwa amalume monga mwana woleredwa bwino. Kenaka anafukula bikoni ija ndi ndodo, nakoka tepi, n'kuima pakati pa maziko athu.

"Atate, pamene ndaimapa m'pamsewu," anatero.

Amalume anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja. Kunali tsekera, chulu, ndi kanjira ka mbuzi.

"Mayi, maso angawa akalamba, koma msewu ndimaudziwa. Uli kuti?"

Mtsikanayo anatambasula mapu pa wilibala. Msewu unalipodi, mizera iwiri yoyenda limodzi kuchokera kumsewu waukulu mpaka kumapuloti a kumunsi. Khoma lathu lakutsogolo linali litaloweramo. Kenaka anatitengera kumbuyo, natilozera tsidya lina la malire, pamene panali chitsime chovindikira ndi lata lakale. Anawerenga mapazi kuchokera padzenje lathu la chimbudzi: khumi ndi awiri. Anati a zaumoyo amaphunzitsa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo madzi a pansi amayenda kutsata kutsetsereka ngati a pamwamba omwe. Pachitsimepo pankatunga mabanja anayi.

Amalume anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwina mwanayu akungofuna ya Fanta. Sindinapereke. Ndisaname kuti unali ulungami: ndinkaopa kuti akakana, manyazi ake ndiwaika kuti. Iye sanapemphe kanthu. Anangotiuza kuti tidikire pulani ituluke, tikhome zikhomo mmene zajambulidwira, timuitane adzaone, ndipo dzenjelo tilikwirire.

Usiku umenewo amalume sanadye. Anakhala panja n'kumalankhula ngati akulankhula okha. Anati dziko lino ndi la Kalonga Gawa Undi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba kudzagwada pamaso pake. Nanga zatheka bwanji kuti pamtunda wosakwana ulendo wa njinga kuchokera ku Mkaika, mwana wa dzulodzuloli auze munthu wa imvi poika chimbudzi?

Funso lawo linali ndi yankho la m'malamulo, ndipo ndinkalidziwa. Lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, koma ili mitundu iwiri: ya mafumu, imene imayendera mwambo, ndi ya boma, imene munthu amapatsidwa pa lendi ya zaka zofika 99. Malo a mfumu sangasanduke a lendi popanda chilolezo cha mfumuyo. Mu 2015 kunabwera lamulo la Urban and Regional Planning Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo la mapulani la nthawi ya atsamunda, ndipo limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za kapimidwe ka malo a mwambo. Koma yankho lotere silitonthoza munthu amene wachititsidwa manyazi pamaso pa mmisiri ndi anyamata ake. Ndinangokhala chete.

Amalume si okhawo amene malire a mudzi ndi tauni anawasokoneza. Mu 2012, mu ulamuliro wa Michael Sata, Sinda inakhala boma palokha itadulidwa ku Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi inachotsedwa ku Chadiza. Boma latsopano limafuna malo a maofesi, msika, nyumba za antchito ndi misewu, ndipo malo amenewo sagwa kumwamba: amachokera kwa mafumu, pamene dzulo panali minda ndi msipu. Msuweni wanga wina amene anakwatiwa ku Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, amakonda kunena kuti iwo sanasamukire kutauni, tauni ndiyo inawapeza ali pakhonde. Munthu amene agogo ake anamanga popanda pepala amadzuka tsiku lina n'kumva kuti kutsidya kwa mtengo wa mango uko kwayamba dziko la mapulani.

Amene anamasula mfundoyi ndi amayi, osati ine. Tinapita kumudzi m'mawa mwake kukawauza za simenti yotayika. Anamvetsera mpaka pamapeto akusenda nthochi, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, pamene bambo wa anawa anabwera chikamwini, anangofika n'kukhoma zikhomo?"

Amalume sanayankhe.

"Munawaimitsa ndinu. Munati pamene anafuna kumangapo m'panjira ya ng'ombe. Ng'ombe zinalipo tsiku limenelo? Zinali kudambo. Koma njira yake munkaidziwa."

Ndinali ndisanaimvepo nkhaniyi. Atate anali atadula kale mitengo n'kukumba mayenje a nsichi pamene amalume ndi anyakwawa anafika n'kuwauza kuti asunthe. Anasunthadi, atakwiya, ndipo anakhala sabata yathunthu osalankhulana ndi mlamu wawo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuuona mudzi wathu mwa mtundu wina. Ndinakula ndikuganiza kuti kumudzi munthu amamanga pamene wafuna. Si zoona. Palibe amene angamange pabwalo. Palibe amene angayandikire kumanda, ndipo za kudambwe sitinena n'komwe. Khola lili ndi mbali yake, nkhokwe ili ndi malo ake pamene maso angaione, chimbudzi sichipita kumtunda kwa chitsime, ndipo njira ya kumadzi siitsekedwa ngakhale ikudutsa pakhomo pako. Malamulo onsewa sanalembedwe, koma ali ndi oyendera ake: anyakwawa, eni mbumba, ndi azimayi achikulire amene amangodutsa n'kufunsa kuti, "Apa mukumangapo chiyani?" Safunsa anadya phula.

Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi amene ungamulakwire umamudziwa. Ndi msuweni wako, ndi apongozi ako, ndipo mawa adzakupeza pabwalo. Papuloti ya amayi sizinali choncho. Mwini chitsime chija anali wamalonda amene masiku ambiri amakhala pamsewu wa ku Chanida. Puloti ya kumanzere inali ya munthu amene sitinamuonepo nkhope. Mapuloti a kumunsi, amene msewu wa papepala uja unkapitako, ena anali asanapeze n'komwe eni ake. Anthu amenewa analibe nyakwawa mmodzi wowasonkhanitsa. Ena anali asanabadwe. Tsiku lija, amene anawaimira anali mtsikana wa tepi uja. Anagwira ntchito imene amalume anagwira kwa atate zaka zambiri zapitazo, kungoti iye njira ya ng'ombe anaiwerenga pamapu.

Sindikunena kuti pepala ndi nyakwawa n'chimodzimodzi. Nyakwawa salipiritsa kujambula, ndipo umamupeza pakhonde pake madzulo alionse. Ine ndinakwanitsa kulipira wojambula pulani chifukwa ndimalandira malipiro pamwezi. Mlimi amene wagulitsa mtedza kapena thonje, n'kutsala ndi ndalama zokwana malata 20 okha, mukamuuza kuti ayambe walipira pepala, adzamanga usiku kapena Lamlungu, ndipo sindingamuweruze. Komanso pulani yathu inali ndi khitchini ya m'nyumba, ya sitovu ndi sinki, pamene amayi moyo wawo wonse aphikira pamafuwa, panja, akuona amene akudutsa. Pepala linkadziwa za msewu ndi chitsime, koma amayi silinkawadziwa. Zimenezo amene ankazidziwa ndi amalume, ndipo n'chifukwa chake anasuntha nyumba ija: ankafunira mlongo wawo kadimba.

Pulani inatuluka mvula itagwa kale kawiri. Tinakhoma zikhomo zatsopano, woyendera anabwera, napima, n'kusaina. Anabweranso maziko atakumbidwa, nalowamo yekha kukaona kuya kwake. Ulendo umenewo amalume ndiwo anamugwirira tepi, ndipo anamuuza kuti ngodya ya kum'mawa ili ndi makande, ikufunika kukumba mpaka dothi lisinthe mtundu. Mtsikanayo anagwada, natapa dothilo, n'kuvomera. Chimbudzi chinapita kungodya ya kumtunda, kutali ndi chitsime. Maziko akale aja tinangowakwirira, chifukwa kuswa konkire kukanadya ndalama zina. Ngongole ndinaimaliza patapita chaka ndi theka, ndipo denga linachedwa ndi nyengo yathunthu chifukwa cha matumba 14 aja.

Kwa amalume ndinapepesa mochedwa, tsiku lokhoma malata. Ndinawauza kuti mawu anga a pafoni aja anali msampha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinadziwa. Nanenso ndikanakhala iwe ndikanatero." Sitinayambirenso nkhaniyo.

Amayi analowa m'nyumbamo mu 2023. Masiku a sikelo ya shuga amapita kuchipatala n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Madzi amatunga pachitsime chomwe chija, pamodzi ndi mabanja anayi aja, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe zimene zikanamuchitikira.

Msewu uja mpaka lero sunabwere. Pakali tsekera, chulu ndi kanjira ka mbuzi. Amayi amabzalapo mbatata chaka chilichonse, koma amakana kubzalapo mtengo wa zipatso, akuti pamenepo m'pa eni ake. Amalume akabwera kudzacheza amaimika njinga yawo pamzera wa udzu wouma uja, n'kuyang'ana uku ndi uku asanadutse.

"Ndikuona magalimoto," amatero. "Msewu uwu ndi woopsa."