Maliro a Munthu Amene Sanabadwe

Azakhali anga, mphunzitsi wopuma pantchito amene amuna awo anatisiya kalekale, anandionetsa foni yawo tili pakhonde ku Zomba, mvula ya mu 2022 ikusosola denga. Pachithunzi panali mzungu wa imvi, womwetulira, atavala chisoti cha kuntchito. Ankati ndi injiniya wa pachitsime cha mafuta pakati pa nyanja, naye wofedwa, ndipo kwa miyezi 9 ankawalembera m'mawa uliwonse kufunsa za bondo lawo lovuta lija. Kenaka anati watumiza mphatso, koma katunduyo wagwidwa pabwalo la ndege, pakufunika msonkho. Azakhali anatumiza ndalama kasanu. Zomalizazo zinali za penshoni, zimene ankasungira malata.

Ine ndinaseka. Ndinati, "Azakhali, inu amene munaphunzitsa masamu zaka 30?" Iwo anabweza foni m'chikwama, nanyamuka kukaona ndiwo pamoto.

Patapita miyezi ndinayamba kuwerenga zimene akatswiri alemba pa chinyengo chotere, mwina pofuna umboni woti kuseka kwanga kunali ndi maziko. Umboniwo sindinaupeze. Mu 2012, Monica Whitty ndi Tom Buchanan anayerekeza kuti anthu pafupifupi 230,000 a ku Britain angakhale ataberedwa m'njira imeneyi. Chaka chotsatira Whitty anafotokoza mmene msamphawo umatcheredwera: poyamba chithunzi ndi mbiri yokongola, kenaka nyengo yaitali yoweta mtima wa munthuyo, ndipo pambuyo pake vuto ladzidzidzi lofuna ndalama, monga ngozi, matenda kapena katundu wogwidwa. Ndinali ngati ndikuwerenga foni ya azakhali, tsamba ndi tsamba. Mu kafukufuku wake wina wa mu 2018, Whitty anapeza kuti okodwa ambiri anali amayi a zaka zapakati, ophunzira bwino. Masamu a azakhali, amene ine ndinawatonza nawo, sakanawatchinjiriza.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi zimene Whitty ndi Buchanan analemba mu 2016, zoti woberedwayo amalandira nkhonya ziwiri. Yoyamba ndi ya ndalama. Yachiwiri ndi ya chibwenzi chimene chatha, ndipo ambiri mwa amene anacheza nawo anati iyi ndiyo inawapweteka koposa. Ena anaiyerekeza ndi imfa. Kwathu munthu akaferedwa timayala mphasa, amayi amagona pasiwa, mpingo umaimba mpaka tambala. Nanga wolira munthu amene sanabadwe n'komwe timamukhazika pati? Palibe manda, palibe chipepeso, palibe sadaka. Amalira yekha kuchipinda, ndipo akatuluka amapeza mwana wa mchimwene wake akuseka.

Za kusekako analemba ndi Cassandra Cross wa ku Queensland University of Technology ku Australia. Mu 2015, atacheza ndi achikulire a kumeneko za chinyengo cha pa intaneti, anaonetsa kuti nthabwala zonena oberedwa kuti ndi adyera kapena opusa zimawatsekera pakamwa, moti sakanena kwa abale ngakhale kupolisi. Mu 2018, iye pamodzi ndi Molly Dragiewicz ndi Kelly Richards anafanizira njira za akubawa ndi nkhanza za m'banja: kumupatula munthu kwa abale ake, kumutopetsa ndi mauthenga usiku ndi usana, kumukalipira lero n'kumunyengerera mawa. Apa ndinakumbukira kuti chaka chimenecho azakhali anasiya kubwera ku misonkhano ya chigwirizano cha amayi, ife n'kumati ndi bondo.

Pali chimodzi chimene chimandiwawa m'zolembazi. Olira ake ambiri ndi a ku Britain, Australia ndi America, kumene amawerengedwa. Bungwe la Federal Trade Commission linati mu 2022 anthu pafupifupi 70,000 a ku America anadandaula kuti anataya madola 1.3 biliyoni. Africa amatchulidwa kawirikawiri ngati kwawo kwa wakuba: anyamata a Yahoo ku Nigeria, gawo 419 la malamulo a kumeneko, a sakawa ku Ghana. Zimenezo n'zoona ndithu, koma mayi wamasiye wa ku Zomba amene anataya malata ake sali m'chiwerengero chilichonse, pakuti sanakanene kulikonse. Ananena kwa ine ndekha.

Ndinabwererako nthawi yokolola, nditanyamula shuga ndi mawu opepesa amene ndinawakonza m'basi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akutong'ola chimanga.

"Ndalama zija ndinaziiwala, mwanangu," anatero. "Koma tambala akalira ndimayambabe kuyang'ana pafoni."

Chithunzi chija sanachifufute. Ndinawauza kuti nkhopeyo iyenera kukhala ya munthu weniweni, amene naye anaberedwa chithunzi chake ndipo sadziwa kuti kuli Zomba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndikuganiza kuti bamboyo ali ndi ana.