Zimene Mlendo Saonetsedwa ku Joni

Timabuku tokopa alendo ku South Africa timaimba nyimbo imodzi. Mlendo akaone mikango ndi zipembere ku Kruger, akakwere Table Mountain, akawoloke nyanja kukasuzumira m'kachipinda ka Nelson Mandela ku Robben Island, kenaka akalawe vinyo ku Stellenbosch asanakwere ndege yobwerera kwawo. Mmalawi wamba amene watsika basi pa Park Station, atadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wake ndi waufupi kuposa pamenepa: masitolo a pikulitsa, mabulangeti, mapoto ndi tikiti yobwerera. Onse awiri amafika kwawo ali okhutira kuti dzikolo aliona. Komatu dziko la anthu oposa 60 miliyoni, lokhala ndi ziyankhulo za boma 12 chiwonjezere chiyankhulo cha manja mu 2023, silingathere pamsewu umodzi.

Ulipo ulendo wina umene otsogolera alendo saukonda poti mulibe mikango. Ulendowu umayambira m'thumba mwa mlendo mwini. Akatulutsa ndalama yachitsulo n'kuipenyetsetsa, pansi pa chizindikiro cha boma apeza mawu okhala ndi timizere tachilendo: ǃke e꞉ ǀxarra ǁke. Tanthauzo lake ndi lakuti anthu osiyanasiyana akhale amodzi. Chizindikirochi anachikhazikitsa ndi Thabo Mbeki pa 27 Epulo 2000, ndipo mawuwo ndi a m'chiyankhulo cha ǀXam, chimene lero palibe ndi mmodzi yemwe amene amachiyankhula. Kusankha chiyankhulo chimenechi kunali ulemu kwa eni nthaka oyambirira, komanso kunali kuchenjera. Akanalemba m'Chizulu, Akhosa akanang'ung'udza. Akanalemba m'Chingerezi, Mabunu akanakwiya. Akufa okha ndiwo sakangana pamsonkhano.

Kuti mawu a chiyankhulo chakufa apezeke n'kulembedwa pandalama, panafunika ndende. M'zaka za m'ma 1860 amuna a mtundu wa ǀXam, amene malo awo osakako nyama anali atasanduka mafamu a nkhosa, ankamangidwa, ambiri pamlandu wakuba ziweto, n'kutumizidwa ku ndende ya Breakwater kukaswa miyala yomangira doko la Cape Town. Kuyambira mu 1870 katswiri wa ziyankhulo Wilhelm Bleek analoledwa kutenga ena mwa akaidiwo kukakhala nawo kunyumba kwake ku Mowbray. Iye ndi mlamu wake Lucy Lloyd ankakhala pansi ndi amuna ngati ǁKabbo ndi Diaǃkwain, n'kumalemba nthano, mbiri za mabanja, mayina a nyenyezi ndi a nyama, liwu ndi liwu. Bleek atamwalira mu 1875, Lloyd anapitiriza yekha. Anasiya masamba oposa 12,000, ndipo mu 1997 bungwe la UNESCO linaika zolembazo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Pamalo pa ndendeyo, pafupi ndi masitolo a Waterfront amene alendo amadzazana tsiku ndi tsiku, nyumba za ndende zimene zinamangidwa pambuyo pake zinasanduka hotela ndi sukulu ya zamalonda. Mlendo angathe kugonapo sabata yathunthu osamva dzina la ǁKabbo.

Makilomita pafupifupi 60 kuchokera pamenepo, paphiri la Paarl, pali chipilala chimene munthu wokonda ziyankhulo sayenera kuchilambalala, ngakhale chitamuwawa mtima. Ndi chipilala cholemekeza Chiafirikanzi, chimene chinatsegulidwa pa 10 Okutobala 1975. Mmisiri wake, Jan van Wijk, anaumba mbiri ya chiyankhulocho ndi simenti: nsanamira zitatu kumanzere zoimira ziyankhulo za ku Ulaya, timitumbira titatu kumanja toimira ziyankhulo za mu Africa, kakhoma pamasitepe koimira Chimalaya cha akapolo ochokera kum'mawa, ndi nsanja yaitali mamita 57 yoloza kumwamba. Aliyense woima pamenepo amaona yekha amene anapatsidwa msinkhu ndi amene anagonekedwa pansi. Patangotha miyezi isanu ndi itatu chitsegulire chipilalacho, pa 16 Juni 1976, ana a sukulu a ku Soweto anaomberedwa pamsewu chifukwa chokana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo chomwecho. Chimene simentiyo imangochinong'ona ndi chakuti Chiafirikanzi chinakulira m'khitchini ndi m'minda, m'kamwa mwa akapolo ndi Akhoi, ndi kuti ena mwa mabuku ake oyambirira analembedwa ndi Asilamu a ku Cape m'zilembo za Chiarabu. Limodzi mwa mabukuwo, la Abu Bakr Effendi, linasindikizidwa ku Constantinople mu 1877.

Koma mtima wa ulendo umenewu uli kutali kumpoto, ku Upington, m'mphepete mwa mtsinje wa Orange, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo mphesa zimayanikidwa pasimenti ngati mphale. Kumeneko, m'dera la anthu osauka la Rosedale, ndi kwawo kwa mayi Katrina Esau, amene anabadwa mu 1933 ndipo anthu amangowatchula kuti Ouma, ndiko kuti agogo. Chiyankhulo chawo, Nǀuu, ndi mbale wake wa ǀXam. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anali atalengeza kale kuti chinafa. Chinali chisanafe; eni ake anali atangochibisa. Pamafamu pamene ankagwira ntchito ankanyozedwa ndi kuopsezedwa akachiyankhula, mpaka anayamba kudzitchula Makaladi ndi kulera ana awo m'Chiafirikanzi. Boma la tsankho litagwa, ndipo mtundu wa ǂKhomani utayamba kuitanitsa malo ake a ku Kalahari, mlandu umene unatha mu 1999, nkhalamba zoposa makumi awiri zinatulukira zikuchiyankhula bwinobwino. Zinapita imodziimodzi. Mlongo wawo atamwalira mu 2021, mayi Esau anatsala okha odziwa chiyankhulocho mokwanira.

Munthu woyankhula Chichewa amadziwa kutsonya, ndipo amatsonya akanyansidwa kapena akafuna kunyoza. M'chiyankhulo cha Nǀuu kaphokoso ka mtundu umenewo ndi chilembo chenicheni, chosiyanitsa liwu ndi linzake monga momwe "p" ndi "ph" zimasiyanitsira kupala ndi kuphala. Timaphokoso totere tilimo 45, tochokera m'malo asanu a m'kamwa, ndipo kena mwa ito kamatuluka pamilomo ngati munthu akupsompsona khanda. Mayi Esau, amene sanapite kusukulu, anatsegula kasukulu pakhomo pawo n'kumaphunzitsa ana a m'deralo nyimbo ndi mawu masana akaweruka. Akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town anawathandiza kukonza kalembedwe, buku la nthano ya ana linatuluka mu 2021, mtanthauziramawu mu 2022, ndipo mu 2023 yunivesiteyo inawapatsa digiri yaulemu. Zonsezi n'zokondweretsa. Komabe mwana woimba nyimbo m'chiyankhulo chimene sangakanganiremo ndi mnzake pamasewera sanachilandire chiyankhulocho, wangochisunga. Mngoni wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba, amene makolo ake anawoloka Zambezi ndi timaphokoso ta Chizulu m'kamwa, ndipo lero amatimva m'nyimbo za ingoma zokha, nkhani imeneyi saifunira womasulira.

Apa ndiye pali funso lovuta kwa mlendo wofuna zachilendo. Atolankhani ndi ojambula akhala akupita ku Rosedale kukapempha gogoyo kuti atchule liwu lina, alibwerezenso, kamera ili pamphuno. Kodi kumeneko n'kucheza, kapena n'kukaonerera maliro asanachitike? Mtundu umenewu unaonereredwapo kale mokwanira: mu 1936 anthu a ku Kalahari anatengedwa kukaonetsedwa pachionetsero cha Empire Exhibition ku Johannesburg, anthu n'kumalipira pakhomo. Malo ngati ǃKhwa ttu, kumpoto kwa Cape Town pafupi ndi Yzerfontein, amayesa kuwongola zimenezi poti otsogolera alendo ndi Asani eni ake, ovala malaya ndi nsapato monga wina aliyense, ofotokoza mbiri yawo m'mawu awoawo. Alendo ena amakhumudwa nazo, chifukwa anayembekeza zikopa ndi mauta. Kwa zaka zambiri oterewa ankakhutira ku Shakaland, pafupi ndi Eshowe, mudzi wa "chikhalidwe cha Azulu" umene poyamba unamangidwa ngati malo ojambulirapo filimu ya pa wailesi yakanema ya Shaka Zulu ya mu 1986.

Wobwerera kum'mwera kudzera m'chipululu cha Karoo angapatuke pa Nieu-Bethesda, kamudzi ka fumbi pafupi ndi Graaff-Reinet, kukaona nyumba imene Mchewa sangailowe osayamba wazengereza: Nyumba ya Akadzidzi. Mwini wake, Helen Martins, anamata makoma ndi magalasi osinja amitundumitundu, ndipo pabwalo anadzazapo zosema za simenti zoposa 300, akadzidzi a maso a mabotolo, ngamira ndi anzeru a kum'mawa. Anadzipha mu 1976 maso atayamba kuchita khungu. Anthu a m'mudzimo ankamuyesa wamisala. Lero mudziwo umadya za alendo obwera chifukwa cha iye. Dzina limene limatchulidwa mochedwa ndi la Koos Malgas, wometa nkhosa amene manja ake anaumba zambiri mwa zosemazo kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Malo otsiriza ali pafupi kwambiri ndi Park Station, mtunda woyenda pansi, mwakuti Mmalawi wodikira basi ya mawa angathe kukafikako katundu atamanga kale. Ku Newtown kuli Workers' Museum, komponi imene khonsolo ya mzinda wa Johannesburg inamanga mu 1913 kuti muzigona amuna akuda ogwira ntchito zake. Sinali komponi ya mgodi, koma kamangidwe kake n'kamodzimodzi ndi makomponi amene matchona ankawasimba akabwerera kumudzi ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosatha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dzikolo kudzera ku Wenela, akulamulidwa m'Chifanakalo, chiyankhulo chimene chili ndi mawu ambiri otumira munthu kuposa omufunsira za kwawo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene anali paulendo wobwerera kwawo, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988.

M'chipinda chogona cha ku Newtown mulibe zambiri zoti wotsogolera alendo afotokoze. Muli mashelefu ogundana, mzere wapansi ndi mzere wapamwamba, ndipo shelefu iliyonse inali bedi la munthu wamkulu, wokwatira, wa ana ake kumudzi. Kunja, mbali ina ya bwalo, kuli kachipinda kotsekeramo olakwa, ndipo chapafupi pali nyumba za akapitawo achizungu, zokhala ndi khonde.